Matenda ovutika maganizo: mmene madokotala amawazindikirira ndi kuwachiza

Odwala ambiri amene ali ndi matenda ovutika maganizo, omwe madokotala amawalemba pakhadi kuti depression, safika kuchipatala akudandaula za maganizo. Pamizere ya m'mamawa m'zipatala za m'makomboni a Lusaka, iwo amabwera ndi mutu wosamva mankhwala, msana wowawa, mtima wothamanga, kutentha kwa m'mutu kapena kwa m'mapazi, kusowa tulo ndiponso kufooka kwa thupi lonse. Amayezedwa malungo koma sapezeka nawo, amayezedwa BP ndi shuga n'kupezeka kuti zonse zili bwino, kenako amapatsidwa Panadol ndi mavitamini n'kubwerera kunyumba, ndipo pakangotha milungu iwiri kapena itatu amabweranso ndi dandaulo lomwe lija. Khadi limadzaza, ndalama zimathera pa minibasi, koma munthuyo sachira chifukwa palibe amene wamufunsa za chimene chikumudya.

Ululu umene odwalawa amanena si wabodza ndipo si wongodzipangitsa. Matendawa amasokonezadi tulo, chilakolako cha chakudya, mphamvu za thupi ndiponso mmene munthu amamvera kupweteka, moti ululu umene wina akanaupirira umakhala wosapiririka kwa wodwalayo. Palinso chifukwa china chimene chimachititsa kuti dandaulo liyambire pathupi. Mumzinda muno dzina la Chainama, chipatala chachikulu cha matenda a maganizo, anthu amatonzerana nalo, ndipo munthu amene akudziwa kuti akanena zoti maganizo amuchulukira abale ndi anansi amuyesa wamisala, amasankha kunena za mutu, popeza kudwala mutu sikuchititsa manyazi. Choncho ntchito yaikulu ili m'manja mwa clinical officer, namwino kapena dokotala amene wodwalayo wakumana naye koyamba, pakuti matendawa saoneka m'magazi, pa X-ray kapena pa sikani iliyonse. Amapezeka pokhapokha wina akafunsa mafunso oyenera n'kukhala ndi nthawi yomvetsera mayankho ake.

Si matenda a azungu kapena a anthu opeza bwino okha, monga ena amanenera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni anali nawo, kuti amagwira akuluakulu pafupifupi 5 pa 100 alionse, ndiponso kuti akazi amadwala kwambiri kuposa amuna. Bungwe lomwelo linanenanso kuti amayi oposa 10 pa 100 alionse oyembekezera kapena amene angobereka kumene amadwala matendawa, ndipo m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene odwala oposa 75 pa 100 alionse salandira thandizo lililonse.

Munthu aliyense amakhumudwa, ndipo dokotala amene angamalembe mankhwala kwa aliyense wolira angawononge anthu ambiri. Chimene chimasiyanitsa matenda ndi kukhumudwa wamba ndi kutalika kwa nthawi, kuchuluka kwa zizindikiro, ndi mmene zikulepheretsera munthu kuchita zimene ankachita. Madokotala amatsamira pa mabuku awiri: DSM-5, limene bungwe la American Psychiatric Association linatulutsa mu 2013, ndi ICD-11 la WHO, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022. Malinga ndi DSM-5, wodwala ayenera kukhala ndi zizindikiro zosachepera 5 mwa 9, pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, ndipo chimodzi mwa zizindikirozo chiyenera kukhala chisoni chosachoka kapena kusasangalalanso ndi zinthu zimene poyamba zinkamusangalatsa. Zina zotsalazo ndi kusintha kwa kadyedwe kumene kumamuwondetsa kapena kumunenepetsa, kusowa tulo kapena kugona mopitirira muyezo, kuyenda ndi kulankhula mozengereza kapena kusakhazikika moti ena n'kuona, kutopa kosatha, kudziona wachabechabe kapena kudziimba mlandu pa zinthu zimene sanalakwe, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi kapena kusankha zochita, ndi kuganizira za imfa kawirikawiri. ICD-11 imafanana nazo kwambiri, kungoti imawerenganso kutaya chiyembekezo cha m'tsogolo ngati chizindikiro pachokha.

Mwa zizindikiro ziwiri zikuluzikulu zija, chachiwiri ndi chimene chimaphonyedwa kwambiri, makamaka mwa amuna. Bambo amene anaphunzitsidwa kuyambira ali mnyamata kuti mwamuna salira sangavomere kuti ali ndi chisoni, koma mkazi wake anganene kuti anasiya kuonera mpira, sapitanso kukacheza ndi anzake, amapsa mtima ndi phokoso la ana, ndipo mowa umene ankamwa Loweruka lokha tsopano akumwa tsiku lililonse kuti apeze tulo. Mwa achinyamata, chisoni chimaonekera kwambiri mwa kukwiyakwiya ndi kutsika kwa magiredi kusukulu, pamene mwa okalamba chimaoneka ngati kuiwalaiwala, moti abale amangoti ndi ukalamba.

Maliro amafuna kusamala kwapadera. Mayi amene waika mwamuna wake kumanda a Chingwere kapena a Leopards Hill sabata yatha salakalaka chakudya, sagona ndipo amalira, koma zimenezi pazokha si matenda. Chisoni cha maliro chimabwera n'kumapita, chimakula munthu akakumbukira womwalirayo n'kuchepako akakhala pakati pa abale, ndipo wofedwayo amadziwabe kuti iye ndi munthu wofunika kwa ana ake. M'matenda ovutika maganizo chisoni sichipereka mpata, sichimva chitonthozo, ndipo chimatembenukira kwa mwiniwake: amayamba kunena kuti ndi iye anachititsa imfayo, kuti ndi katundu wolemetsa ena, kuti zikanakhala bwino akanafa ndi iyeyo. Kale mabuku ankalangiza madokotala kuti asafulumire kutchula matendawa m'miyezi iwiri yoyamba munthu ataferedwa, koma DSM-5 inachotsa lamulo limenelo, chifukwa imfa ya wokondedwa ingathe kuyambitsa matenda enieni ofunika kuchizidwa. Mkazi wamasiye amene abale a mwamuna wake amulandanso katundu ndi nyumba amakhala pangozi yowirikiza, ndipo ndi woyenera kumuyang'anitsitsa.

Kuti tione mmene kufunsa kumayendera, tiyerekeze mayi wa zaka za m'ma 40 amene amagulitsa tomato ndi repu pamsika wa Soweto, ndipo wabwera kachitatu ndi mutu. Clinical officer wodziwa ntchito yake sayamba ndi kumuuza kuti alibe vuto. Amayamba wamuyeza thupi, kenako n'kufunsa kuti, "Amayi, pa milungu iwiri yapitayi, kodi masiku ambiri mwakhala mukumva chisoni kapena kutaya mtima?" Yankho limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti, "Mavuto ndi a tonse, a dokotala," ndipo wofunsa wothamanga amaimira pomwepo. Wodekha amapitiriza: "Nanga zinthu zimene zinkakusangalatsani, monga kwaya ya kutchalitchi kapena kucheza ndi anzanu pamsika, zikukusangalatsanibe?" Apa m'pamene nkhani imatuluka. Mayiyo amati kukwaya anasiya kalekale, kukaoda katundu m'mamawa amatuma mwana wake wamkulu, usiku amadzidzimuka cha m'ma 3 koloko tulo osabweranso, amangoyang'ana kudenga n'kumaganiza za chilimba chimene walephera kusonkha ndi kaloba amene chiwongoladzanja chake chikukwera mwezi uliwonse. Akafunsidwa za chakudya, amaonetsa chitenje chimene tsopano akuchimanga mokulunga kawiri. Palibe makina amene akanapeza zimenezi, ndipo zonse zatenga mphindi zosakwana khumi.

Mafunso awiri amenewa ndi chiyambi cha fomu yotchedwa PHQ-9, imene akatswiri Kroenke, Spitzer ndi Williams anaisindikiza mu 2001 ndipo tsopano imagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Fomuyi ili ndi mafunso 9 ogwirizana ndi zizindikiro zija, ndipo funso lililonse limapatsidwa malikisi kuyambira 0 mpaka 3 malinga ndi kuchuluka kwa masiku amene chizindikirocho chaoneka pa milungu iwiri, moti malikisi onse amafika 27. Kuyambira 5 matenda amatengedwa kuti ndi ochepa, kuyambira 10 ndi apakati, kuyambira 15 ndi okulirapo, ndipo kuyambira 20 ndi aakulu. Kwa amayi oyembekezera ndi ongobereka kumene kuli fomu ina ya mafunso 10, Edinburgh Postnatal Depression Scale ya mu 1987, imene inakonzedwa mosatsamira pa kutopa ndi kusintha kwa kadyedwe, popeza mayi aliyense wa khanda amakhala nazo. Komabe fomu si dokotala. Wodwala TB kapena wochepa magazi angapeze malikisi ambiri chifukwa cha kutopa ndi kusadya kokha, pamene bambo wobisa zakukhosi angapeze ochepa ali pangozi yaikulu. Phindu lenileni la fomuyi, m'kuona kwanga, lili pa kuibwereza: malikisi a lero akayerekezeredwa ndi a mwezi wamawa, wodwala ndi dokotala onse amaona ngati thandizo likugwira ntchito.

Asanatsimikize, dokotala ayenera kuchotsa kaye matenda a thupi amene amaoneka mofanana. Kuchepa kwa magazi, kusagwira bwino ntchito kwa chithokomiro, shuga, TB, HIV yosadziwika kapena yosachizidwa bwino, ndiponso sitiroko, zonsezi zingabweretse kufooka ndi kutaya mtima, ndipo zambiri zimapezeka ndi kuyeza kosavuta. Mankhwala ena nawonso amasokoneza maganizo. Efavirenz, amene kwa zaka zambiri anali m'gulu la ma ARV oyambira, amadziwika kuti amabweretsa maloto oopsa, kusowa tulo ndi kukhumudwa mwa odwala ena, ndipo ngakhale ambiri tsopano anasinthidwira ku dolutegravir, funso la mankhwala amene munthu akumwa silinathe ntchito. Methyldopa amene amapatsidwa kwa amayi oyembekezera a BP, prednisolone womwedwa kwa nthawi yaitali, ndi cycloserine wa TB yosamva mankhwala, onsewa angachite chimodzimodzi. Mowa umafunika kufunsidwa mosapita m'mbali, kuchuluka kwake ndi mtundu wake, kaya ndi wa m'botolo, chibuku kapena kachasu, chifukwa mowa umayambitsa matendawa, umawakulitsa, komanso umafooketsa thandizo lililonse limene lingaperekedwe. Kupezeka kwa matenda a thupi sikutanthauza kuti nkhani ya maganizo yatha, chifukwa awiriwa amayendera limodzi kawirikawiri, ndipo wodwala HIV amene wataya mtima ndi amene amayamba kudumphitsa mankhwala ake.

Pali funso limodzi limene likaiwalidwa, mankhwala amene amayenera kuchiza angathe kuvulaza. Anthu ena amene akuoneka ndi chisoni lero ali ndi matenda a bipolar, amene nthawi zina amamugwetsa munthu pansi ndipo nthawi zina amamukweza mopitirira. Dokotala amafunsa wodwalayo, ndipo makamaka wachibale amene wabwera naye, ngati panakhalapo masiku angapo otsatizana pamene munthuyo sankafuna kugona koma ali ndi mphamvu zodabwitsa, akulankhula mosalekeza, akumwaza ndalama, akuyamba mabizinesi ambirimbiri nthawi imodzi kapena akudziona ngati munthu wapamwamba kwambiri. Wodwala saikumbukira nthawi imeneyo ngati matenda, amaikumbukira ngati nthawi imene zinthu zinkamuyendera, n'chifukwa chake mboni ya m'banja ndi yofunika. Munthu wotere akapatsidwa mankhwala a depression okha popanda ena okhazikitsa maganizo, angathe kulowa m'nyengo yosokonezeka kwambiri. Mofananamo, wodwala amene akumva mawu a anthu osaoneka, kapena amene akukhulupirira motsimikiza kuti m'mimba mwake mwaola kapena kuti walodzedwa ndipo palibe chingamupulumutse, amafunika kuonedwa ndi katswiri wa matenda a maganizo.

Funso lovuta kuposa onse ndi la kudzipha. Ogwira ntchito zachipatala ambiri amaliopa poganiza kuti kulifunsa n'kumupatsa wodwala maganizo amene analibe, koma kafukufuku wasonyeza mobwerezabwereza kuti kufunsa sikuwonjezera ngozi, ndipo odwala ambiri amapepukidwa akapeza munthu wosachita mantha ndi nkhaniyi. WHO imanena kuti anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse padziko lonse, ndipo matenda ovutika maganizo ali m'gulu la zifukwa zikuluzikulu. Kufunsa kumayenda pang'onopang'ono: kodi nthawi zina mumaona ngati moyo ulibe phindu, kodi munalakalakapo kugona osadzukanso, kodi munaganizapo zodzivulaza, kodi munakonzapo njira, kodi munayeserapo kale. Amene anayeserapo kale, amene ali ndi pulani, amene akumwa mowa kwambiri, amene akukhala yekha kapena amene wangokumana ndi chinthu chochititsa manyazi monga ngongole yowululika kapena kutha kwa banja, sayenera kubwerera kunyumba yekha ndi kapepala ka mankhwala m'manja. Wachibale amaitanidwa, wodwalayo sasiyidwa yekha, mankhwala a m'munda, a makoswe ndi mapiritsi onse amachotsedwa m'nyumba, ndipo amatumizidwa kwa akatswiri tsiku lomwelo. Kuchotsa zinthu zoopsa kumaoneka ngati nkhani yaing'ono, koma maganizo odzipha nthawi zambiri amafika pachimake kwa kanthawi kochepa n'kutsika, ndipo munthu amene sanapeze chodzivulazira pa ola limenelo kawirikawiri amapulumuka. Manambala aulere a Lifeline Childline Zambia, 933 ya akuluakulu ndi 116 ya ana, ndi oyenera kulembedwa pakhadi la wodwala wotere.

Odwala amafunsa chimene chawadwalitsa, ndipo yankho loona ndi lakuti zifukwa zimakhala zingapo zolukanalukana. Pali kutengera kumtundu, pali nkhanza zimene munthu anakumana nazo ali mwana, pali matenda okhalitsa, ndipo pali zipsinjo za lero monga ulova, ngongole, nkhanza za m'banja ndi kusungulumwa kwa m'tauni kumene munthu amakhala pakati pa khamu koma wopanda womuuza zakukhosi. Kwa zaka zambiri anthu ankauzidwa mwachidule kuti vuto ndi kuchepa kwa serotonin, timadzi tonyamula mauthenga mu ubongo, koma kuunika kwakukulu kwa kafukufuku kumene Joanna Moncrieff ndi anzake anasindikiza mu 2022 sikunapeze umboni wokhazikika wa mfundo imeneyo. Izi sizikutanthauza kuti mankhwala sagwira ntchito, koma kuti mmene amagwirira ntchito ndi nkhani yovuta kuposa mmene inkafotokozedwera.

Thandizo limayamba ndi kumufotokozera wodwala dzina la matenda ake, kuti ndi ofala, kuti si ulesi, si kuchepa kwa chikhulupiriro ndipo si chiyambi cha misala, komanso kuti amachizika. Malangizo a mhGAP, pulogalamu imene WHO inakhazikitsa mu 2008 pofuna kuti ogwira ntchito zachipatala omwe si akatswiri a maganizo azitha kuchiza matendawa, amanena kuti matenda akakhala ochepa mankhwala si oyambira. Choyambira ndi kuthana ndi zimene zikumupsinja munthuyo ndiponso kumubwezera pang'onopang'ono ku zinthu zimene anasiya. Wodwala amadikira kuti mtima ufune kaye ndiye achite kanthu, pamene madokotala anaona kuti zimayenda mosiyana: munthu akayamba kuchita kanthu kakang'ono ngakhale asakufuna, mtima umatsatira pambuyo. Kwa mayi wa ku Soweto uja, zingatanthauze kupangana kuti sabata ino apite kukwaya kamodzi, azidzuka ndi kugona pa nthawi yofanana, ndipo akhale pansi ndi mlangizi kulemba ngongole zake zonse n'kusankha imodzi yoyamba kuithetsa.

Uphungu wochiza matendawa si kungocheza kapena kulimbikitsana ndi mawu akuti limbani mtima. Uli ndi njira zake zoyesedwa: ina imathandiza munthu kuzindikira ndi kusintha maganizo amene amamugwetsa, ina imayang'ana pa maubale, mikangano ndi imfa, ndipo ina imaphunzitsa kuthetsa mavuto limodzilimodzi. Chosangalatsa kwa dziko la akatswiri ochepa ngati Zambia n'chakuti njirazi zingaphunzitsidwe kwa anthu wamba. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa kiliniki n'kumakambirana ndi odwala maulendo 6, ndipo kafukufuku wochitika m'makiliniki 24, amene anasindikizidwa m'magazini ya JAMA mu 2016, anasonyeza kuti odwala amenewa anapeza bwino kwambiri kuposa amene analandira thandizo la masiku onse. Kuno bungwe la StrongMinds, limene linayambira ntchito yake ku Uganda, lakhala likuyendetsa magulu a uphungu, makamaka a amayi, kuyambira 2019.

Matenda akakhala apakati kapena aakulu, mankhwala amalowapo, ndipo zimakhala bwino kwambiri akaphatikizidwa ndi uphungu. Awiri amene ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kwambiri ndi fluoxetine ndi amitriptyline. Malinga ndi mhGAP, fluoxetine amayambidwa pa 10 mg tsiku lililonse kwa sabata imodzi kenako 20 mg, ndipo kawirikawiri amamwedwa m'mawa. M'masiku oyamba angabweretse nseru, mutu, kusakhazikika kapena kusowa tulo, ndipo mwa ena amachepetsa chilakolako cha m'banja, nkhani imene odwala sainena koma imawasiyitsa mankhwala mwakachetechete. Amitriptyline amayambidwa pa 25 mg pogona n'kumakwezedwa pang'onopang'ono mpaka pakati pa 100 ndi 150 mg. Amagonetsa, amaumitsa kukamwa, amamanga m'mimba, amachititsa chizungulire munthu akaimirira mofulumira, ndipo sayenera kuperekedwa kwa wodwala mtima. Amakhalanso oopsa kwambiri akamwedwa ambiri nthawi imodzi, choncho kwa wodwala amene ali ndi maganizo odzipha dokotala amasankha fluoxetine, kapena amapereka mapiritsi a masiku ochepa n'kupempha wachibale kuti aziwasunga. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti wodwala amasiyidwa pa 25 mg ya amitriptyline kwa miyezi, mlingo umene ungathandize tulo kapena ululu koma sufika pochiza matenda enieniwo, kenako aliyense n'kumati mankhwala alephera. China ndi kupereka diazepam kwa wosowa tulo mwezi ndi mwezi: amagonadi, koma matenda amakhala pomwepo ndipo thupi limazolowera mapiritsiwo.

Milungu yoyamba ndi imene imagwetsa odwala ambiri. Zovuta za mankhwala zimabwera msanga pamene phindu lake limachedwa, chifukwa kusintha kumayamba kuoneka pakatha milungu iwiri mpaka inayi, ndipo kuti dokotala anene ngati mankhwala agwira kapena ayi pamafunika milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Munthu amene anazolowera mankhwala a malungo omwedwa masiku atatu akaona kuti sabata yatha ali chimodzimodzi, kuwonjezera apo ali ndi nseru, amaponya mapiritsi mukabati. N'chifukwa chake kufotokoza zimenezi tsiku loyamba, ndi kumupatsa wodwala tsiku lobwerera pasanathe milungu iwiri, ndi mbali ya chithandizo yofunika mofanana ndi mapiritsiwo. Achinyamata osakwana zaka 25 amafunika kuonedwa pafupipafupi, chifukwa mwa ochepa a iwo maganizo odzivulaza amakula m'milungu yoyamba ya mankhwala. Ana osakwana zaka 12 sapatsidwa mankhwalawa malinga ndi mhGAP, ndipo kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa uphungu umayesedwa kaye, mankhwala n'kuperekedwa pa mlingo wochepa wogwira ntchito ngati matenda akula, poganizira kuti kumusiya mayi wodwala osachizidwa kumavulazanso khanda.

Umboni wa mankhwalawa ndi wolimba koma si wodabwitsa, ndipo odwala ayenera kuuzidwa zoona. Mu 2018 Andrea Cipriani ndi anzake anasonkhanitsa m'magazini ya The Lancet zotsatira za kafukufuku 522 wa mankhwala 21, n'kupeza kuti onse amaposa piritsi lopanda mankhwala, ngakhale kuti kusiyanako sikunali kwakukulu kwambiri. Kafukufuku wa STAR*D wa ku America anapeza kuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu ndi amene amachiriratu ndi mankhwala oyamba. Otsalawo amafunika kukwezeredwa mlingo, kusinthiridwa mankhwala ena kapena kuwonjezeredwa uphungu, koma dokotala asanachite zimenezo amafunsa kaye ngati mapiritsi akumwedwadi, ngati mowa ukupitirira, ngati nkhanza za kunyumba zilipobe, ndiponso ngati matenda a bipolar kapena a chithokomiro sanaphonyedwe poyamba.

Ochepa ndi amene amafunikadi kufika ku Chainama Hills, chipatala chachikulu cha matenda a maganizo chimene chili m'mbali mwa Great East Road, kapena kwa akatswiri a ku chipatala cha University Teaching Hospital (UTH). Amenewa ndi odwala amene ali pangozi yodzipha, amene asiyiratu kudya ndi kumwa, amene akumva mawu, a bipolar, ndi amene mitundu iwiri ya mankhwala yawakanika. Kwa odwala kwambiri otere madokotala padziko lonse amagwiritsanso ntchito ECT, njira yodutsitsa mphamvu yochepa ya magetsi mu ubongo wodwala atagonekedwa tulo, imene anthu amaiopa koma imagwira ntchito mofulumira kuposa mapiritsi. Ena onse angathandizidwe pafupi ndi kwawo, pa zipatala monga za Kanyama, Chawama, Matero, Chipata ndi Chilenje kapena pa kiliniki ya m'dera, ndipo umu ndi mmene lamulo latsopano la Mental Health Act la mu 2019 likulozera. Lamuloli linalowa m'malo mwa la atsamunda la mu 1949, limene linkatchula odwala ndi mayina onyoza ndipo linkaika mtima pa kuwatsekera, pamene latsopanoli limanena za ufulu wa wodwala ndi chithandizo cha m'madera mmene anthu akukhala.

Odwala ambiri asanafike kuchipatala amakhala atapita kale kwa abusa kapena kwa sing'anga, ndipo dokotala wanzeru salimbana nazo zimenezi. Mpingo umene umayendera wodwala, kumuthandiza chakudya ndi kumubwezera pakati pa anzake ukuchita gawo lenileni la chithandizo. Vuto limabwera pamene wodwala akuuzidwa kuti kumwa mapiritsi ndi kukayikira Mulungu, kapena kuti asale kudya masiku ambiri ali wowonda kale. Abale nawonso amafunika kuwaphunzitsa, chifukwa mawu akuti "dzukani, ena ali ndi mavuto oposa anuwa" amanenedwa ndi mtima wabwino koma amangowonjezera kudziimba mlandu kumene kuli kale chizindikiro cha matendawo.

Wodwala akayamba kupeza bwino pamabwera chiyeso china, chosiya mankhwala. Malangizo a mhGAP a mu 2016 anali akuti apitirize kwa miyezi 9 mpaka 12 zizindikiro zitatha, chifukwa amene amasiya atangomva bwino matenda amawabwerera mosavuta. Mankhwalawa sachititsa chibaba ngati mowa kapena fodya, koma kuwasiya mwadzidzidzi kungabweretse chizungulire, kusowa tulo, nseru ndi kusakhazikika, zimene wodwala angaziyese kubwerera kwa matenda. N'chifukwa chake mlingo umatsitsidwa pang'onopang'ono kwa milungu yosachepera inayi, dokotala akuyang'anira. Pafupifupi theka la anthu amene adwalapo kamodzi amadzadwalanso nthawi ina, ndipo ngozi imakula matenda akabwerera kachiwiri kapena kachitatu, moti otere amalangizidwa kukhala pa mankhwala zaka ziwiri kapena kuposerapo. Asanamutsanzike wodwala, dokotala amakhala naye pansi pamodzi ndi wachibale mmodzi wodalirika n'kulemba zizindikiro zimene zinayamba kuoneka ulendo woyamba, kaya kunali kudzidzimuka usiku, kusiya kuyankha foni kapena kuleka kupita kumsika, n'kupangana kuti zikaonekanso kwa sabata yathunthu abwerere kukiliniki osadikira tsiku lolembedwa pakhadi.